Mpopi wa mu Saluni ya Alamu

Nyumba imene ndimachita lendi pa Nkhata Bay ili ndi makomo awiri osaonana. Inamangidwa pamtsetse, monga nyumba zambiri za m'tauni yathu, moti khomo la pamwamba limayang'ana msewu wokwera, la pansi limayang'ana kanjira kotsikira kumsika. Pansipo ndi panga. Ndimagulitsa makope, zolembera ndi maenivelopu, ndipo pakona pali makina a fotokope, amene kunena zoona ndiwo amandidyetsa. Pamwamba pali saluni ya alamu anga, mkazi wa malemu achimwene anga. Pakati pa mutu wanga ndi mapazi awo pali matabwa ndi siling'i basi. Akakoka mpando ndimamva. Makasitomala awo akayamba miseche, ndimadziwa banja limene latha ndisanatuluke n'komwe panja.

Mwini nyumbayi ndi mayi wina amene anapuma pa ntchito yosunga chuma pa sukulu ina ya sekondale. Tonse timangowatchula kuti Ama, monga timatchulira mayi aliyense wolemekezeka m'Chitonga chathu. Amene anaimanga ndi bambo awo owabereka, ndi ndalama za ku migodi ya ku Joni. Ama amayenda ndi ambulera, kukhale dzuwa kukhale mvula, ndipo akaseka amamveka mpaka pa siteji ya minibasi. Koma ikafika nkhani ya nyumba ya bambo awoyo, mano onse amabisa.

Tsiku limene ndinapita kukapempha malo, anandikhazika pakhonde n'kundiwerengera pangano la lendi mokweza, ndime ndi ndime, ngati akuwerenga Mawu paguwa. Zambiri zinali zodziwika: kulipira mwezi ukatha, kusagumula khoma popanda chilolezo, kusagulitsa mowa. Kenaka anafika pa ndime yoti wochita lendi aliyense akhale ndi inshulansi yolipira zimene iyeyo angawononge, kaya pa nyumbayo, kaya pa katundu wa mnzake woyandikana naye, kaya kasitomala akavulala mu shopu mwake. Ndinalephera kudzigwira, ndinaseka.

"Ama, inshulansi ndi ya magalimoto. Makope sachita ngozi."

"Makope sachita ngozi, koma mwini wake amachita," anatero osakweza maso. "Uli ndi mawaya a magetsi, uli ndi makina otentha. Moto ukayambira kwa iwe n'kudya nyumba ya adada anga, udzandipatsa chiyani? Pepani? Apepani ndili nawo ambiri kunyumba. Sindinamangirepo khoma ngakhale limodzi."

Anandidziwa ndili mwana woyenda ndi kabudula wong'ambika, choncho kuti "iwe" anali ndi ufulu wake. Ndinakwera minibasi ya ku Mzuzu ndikung'ung'udza njira yonse, phiri lililonse ndi dandaulo lake. Ku ofesi ya kampani ya inshulansi anandifunsa ngati ndikufunanso yotetezera katundu wanga wa mu shopu. Ndinati ayi, ndipatseni yokhayo imene mayi uja akundizunzira. Chaka chilichonse Ama amabwera ndi ambulera yawo kudzaona ngati ndawonjezera, ndipo chaka chilichonse ndinkawauza kuti ndalama zimenezo bola kuziponya m'nyanja, mwina nsomba n'kunenepa.

Achimwene anali kalaliki ku boma. Atamwalira, panali abale ena amene anayamba kuyang'ana mipando ndi firiji maliro asanatuluke m'nyumba. Ine ndinaima pakhomo n'kunena kuti palibe chituluke. Ndinadana ndi anthu chifukwa cha zimenezo, koma ndinanyadira, ndipo ndikunyadirabe. Kuno mbiri ya mwamuna amene analanda chuma cha mkazi wa m'bale wake imamutsatira mpaka kumanda. Anthu ankati banja lathu silinachite zamanyazi zimenezo, ndipo ndikamva choncho ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Chipinda cha pamwamba chitatsala chopanda munthu, alamu anachitenga ndi ndalama zimene boma linawapatsa pa imfa ya amuna awo. Nawonso Ama anawawerengera pangano lija. Iwo sanaseke. Anafunsa mafunso mpaka Ama anaitanitsa tiyi kawiri. Mankhwala owongolera tsitsi akamuwotcha munthu pamutu, ikulipira? Mwana wa kasitomala akagwa pa masitepe? Alamu ndi munthu wa mawu ochepa, wamfupi, wa manja olimba ngati a munthu wopalasa bwato. Saluniyo anaikweza okha, tsitsi ndi tsitsi, ndipo ana a achimwene sanabwezedwepo kusukulu.

Tsono pali chizolowezi chimene tonse tili nacho m'tauni muno. Madzi akasiya kutuluka, umatsegula mpopi n'kuusiya choncho, kuti akabwera umve paipi ikutsokomola, uthamange ndi ndowa asanathawenso. Palibe amene amaona ngati n'kulakwa. Kunyumba kwanga timatero, ku mansi kwa abusa amatero, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale amene amatitsekera madziwo amatero.

Loweruka lina, sabata yoti sukulu zitsegulidwe, madzi anasiya m'mamawa. Ku saluni kunali aperekezi a ukwati, chigulu cha atsikana, aliyense akufuna mutu wake uthe msanga. Alamu anatsuka mitu yonseyo ndi madzi a m'ndowa. Mpopi wa pa sinki anautsegula monga mwa masiku onse, ndipo matawulo onyowa ankangowaponya mu sinki momwemo. Pomaliza anali atatheratu. Anatseka chitseko n'kumapita. Madzi anabwera Lamulungu m'mawa, tonse tili m'tchalitchi, ndipo anabwera ndi mphamvu ngati akupepesa.

Ine sabata imeneyo ndinali nditaika zonse zimene ndinali nazo pa makope. Makatoni anali ataunjikana mpaka pafupi ndi siling'i, chifukwa sabata yotsegulira sukulu ndiyo nyengo yathu yokolola. Potuluka m'tchalitchi ndinapeza mayi wina wogulitsa nthochi akundidikira pageti. Anandiitana monga timaitanira bambo aliyense kuno, nati, "Ada, pakhomo panu pakutuluka mtsinje."

Ndinathamangira ku shopu n'kutsegula chitseko. Siling'i inali itatupa n'kuphulika pakati. Madzi ankatsika m'mipata ya matabwa ngati mvula ya mu Malichi. Makatoni a pamwamba anali atafewa n'kugwera a pansi, makope atatupa ngati buledi woviikidwa mu tiyi. Makina a fotokope anali ndendende, madzi akutulukira potulukira mapepala. Ndinaima pamenepo ndi suti yanga ya Lamulungu, anthu akuchulukana kumbuyo kwanga, aliyense ndi "mayo" wake.

Alamu anathamangira pamwamba kukatseka mpopi, kenaka anatsika. Anali atavala yunifolomu yoyera ya amayi a kumpingo. Anavula nsapato, n'kulowa m'madzimo, n'kundiyang'ana m'maso pamaso pa khamu lonselo.

"Alamu, ndine. Ndinasiya mpopi, ndipo matawulo anatseka sinki."

Sananong'one, sanalire. Ananyamula katoni yoyamba n'kupita nayo padzuwa. Ine ndinapsa mtima kwambiri, komanso ndinachita manyazi ndi kupsa mtima kwangako. Tinayanika makope m'mbali mwa njira mpaka kukafika pa ogulitsa kaunjika. Ngakhale limodzi silinabwerere m'chimake.

Madzulo ake asibweni, alongo awo a amayi anga, anaitanitsa banja. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wabwino, wokonda mtendere kuposa china chilichonse. Anati madzi akatayika saoleka. Anati pakati pa abale palibe mlandu, ndipo nkhani ya mpopi ithere m'nyumba momwemo. Kwa anthu tizinena kuti paipi inaphulika yokha, ndi tsoka, tsoka silinunkha. Abale asonkha kangachepe kuti ndiyambirenso. Alamu anayesa kulankhula koma asibweni anakweza dzanja. Ine ndinavomera. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti kangachepe ka abale anga sikangagule ngakhale chivindikiro cha makina aja, koma ndinavomera, ndipo onse anandiyamikira kuti ndine mwamuna.

Lolemba Ama anafika. Anayamba pamwamba. Ndinawamva akugogoda paipi ndi chigwiriro cha ambulera kuyambira pakhoma mpaka pa sinki. Kenaka anatsika, n'kuyang'ana siling'i, n'kuyang'ana ine.

"Ndamva kuti paipi yanga inaphulika."

"Ndi mmene tagwirizanirana, Ama."

"Mwagwirizana ndi ndani? Paipi ndi yanga ndipo ilibe chilema. Bodza limenelo ine sindiikapo dzanja."

Anakhala pa katoni youma n'kundifotokozera ngati mwana wa Fomu Wanu. Siling'i ndi matabwa, iwo monga mwini nyumba akalemba ku kampani ya inshulansi ya alamu, ndipo zikonzedwa. Katundu wanga analibe inshulansi yakeyake, choncho njira inali imodzi yokha: ine ndilembe dandaulo lonena kuti katundu wanga wawonongeka ndi madzi ochokera mu saluni, chifukwa cha mpopi umene mwini saluni anasiya, ndipo ndikufuna kulipidwa. Popanda wodandaula, kampaniyo ilibe woti imulipire. Tikati paipi inaphulika yokha, ndiye kuti alamu sanalakwe, ndipo inshulansi yawo ilibe nazo ntchito.

"Ndilembe kalata yoimba mlandu mkazi wa achimwene?" ndinafunsa. "Ama, mawa pa doko ponse adzati uja ankadzitama uja wayamba. Anadikira kuti maliro azizire, tsopano akufuna saluni."

"Adzanena, inde. Kuno anthu amanena ngakhale ukagula nsapato. Koma amene ukumulembera si mlamu wako. Mlamu wako analemba ganyu anthu oti aziima m'malo mwake pa tsiku ngati ili, ndipo wakhala akuwalipira. Iwe ukuwachitira chifundo anthu a ku Mzuzu amene sakukudziwa n'komwe."

Ndinakana. Ama sanandikakamize. Anaimirira, n'kukutumula siketi, n'kunena kuti shopu ndi yanga, mutu ndi wanga, koma ndidziwe kuti kampani sidikira munthu mpaka kalekale. Za siling'i yawo analemba tsiku lomwelo, ndipo analemba zoona.

Sukulu zinatsegulidwa. Ndinkakhala pakhomo ndi tizolembera tochepa timene tinapulumuka, ndikuona ana ndi makolo awo akudutsa kukagula kwina. Aphunzitsi amene ankabwera ndi mayeso oti ndiwachulukitsire ankaima, n'kupepesa, n'kupitirira. Mu shopu munkanunkha chinyontho. Ndinayamba kuganiza zobweza makiyi n'kupita kumudzi kukalima chinangwa, ine amene khasu limanditupitsa manja tsiku loyamba.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri chinali pamwamba. Wailesi ya mu saluni inazima. Alamu anayamba kuyenda monyang'ama pa matabwa, ngati m'nyumba muli wodwala. Kale ankatsika masana kudzandipatsa moni ndi chinangwa chootcha m'manja. Tsopano ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pakhomo panga. Tikakumana ku tchalitchi ankandipatsa moni wogwada, wa ulemu wonse, moni umene umapatsa munthu amene ukumuopa. Ndinkati ndawakhululukira, koma ndikawaona ndinkaona makope anga. Iwonso ankadziwa.

Kenaka mkazi wanga ananditsina khutu kuti alamu akufunafuna wogula makina awo owumitsira tsitsi, onse, kuti andipatse ndalamazo. Saluni yopanda makina amenewo si saluni. Ndinaona kuti nyumba ya Ama itsala ndi makomo awiri otseka, ndipo ana a achimwene adya ulemu wanga.

Ndisanaganize chochita, anatsika okha. Linali tsiku la pakati pa sabata, dzuwa lili paliwombo. Sanagwade. Analowa, n'kukoka mpando wanga womwe, n'kukhala.

"Alamu, ndabwera kudzakufunsani. Mwandikwiyira mpaka liti?"

"Ine sindinakwiye. Nkhani ija inatha."

"Inathera kuti? Ine ndikuiona ili apa," anatero akuloza pamene panali makina. "Tamverani. Chaka ndi chaka ndimakwera minibasi kukalipira inshulansi ija. Ndalama zake n'zoluka tsitsi mpaka zala kutupa. Sanandilipirire munthu. Lero yafika nthawi yoti indigwirire ntchito, inu mwaimika phazi pakhomo. Mukuteteza ine kapena dzina lanu?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa yankho lake ndinkalidziwa. Ndinayesa kubisala kumbuyo kwa asibweni. Alamu anati kwa asibweni achokerako kale m'mawa womwewo. Anawauza kuti iwo anavomera kulakwa pamaso pa anthu atavala yunifolomu ya mpingo, ndipo sangabwererenso kukanamizira paipi. Asibweni sanakondwe, koma pa mfundo ya bodza mkulu wa mpingo analibe poima.

"Lembani," anatero. "Mulembe kuti ndine, dzina langa lonse, ndipo musachepetse kalikonse pondimvera chisoni. Mukalephera Chingerezi chake tikawatenge Ama."

Ndinaseka koyamba chichitikireni ngoziyo. Ine wogulitsa zolembera, kulephera kalata! Ndinalemba zonse, ngakhalenso dzina lawo, lomwe ndi dzina la banja lathu, dzina la achimwene. Iwo anaima pambali panga mpaka ndinasayina, ndipo kalatayo anapita nayo okha ku Mzuzu pamodzi ndi mapepala awo.

Patapita masiku, kampani inatumiza munthu wodzaona zowonongeka, bambo wa Chichewa cha ku Lilongwe, wa nsapato zosazolowera mitsetse yathu. Anajambula siling'i, anatsegula makina, anapempha malisiti a makope. Ama anali pomwepo ndi ambulera yawo, akumuyang'anitsitsa ngati akulemba mayeso. Anthu anaunjikana pakhomo monga amachitira sitima ikafika pa doko. Bamboyo atafunsa mmene zinayambira, alamu anafotokoza zonse, za aperekezi, za ndowa, za matawulo. Iye anadabwa kuti munthu angasiyirenji mpopi wotsegula dala. Khamu lonse linaseka, ndipo mayi wa nthochi uja anamufunsa ngati kwawo madzi amayamba alemba kalata asanabwere.

Sindinama kuti zonse zinayenda myaa. Tinadikira mpaka ndinayamba kukayika, ndipo Ama anaimba mafoni ochuluka ndi mawu awo a msungichuma aja. Zitatuluka, sizinabweze zonse. Makina anawawerengera ngati akale, poti analidi akale, ndipo malonda a teremu imeneyo anapita osabwerera. Panalinso kagawo koyamba kamene pangano linkati alipire mwini inshulansi, ndipo alamu anakalipira osandiuza. Koma zinakwana kuti ndipeze makina ena ogwiritsidwapo kale ntchito ndi makope oyambira. Akalipentala anakhoma siling'i yatsopano. Makina owumitsira tsitsi sanatuluke mu saluni.

Anthu ananenadi. Tsiku lina ndikugula usipa kumsika ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti uyu ndi uja anasumira mkazi wamasiye wa m'bale wake. Zinandiwawa, ndipo usipawo ndinausiya. Asibweni anakhala nthawi akundipatsa moni wa pakamwa pokha. Mbiri ija ndinkainyadira inathimbirira, ndipo mpaka lero alipo amene amaikhulupirira nkhaniyo mmene anaimvera. Ama nditawadandaulira anangondithokoza m'Chitonga kuti, "Yewo, wakula," n'kuseka mpaka agalu anauwa.

Ndimawalemekeza mayi amenewa. Anaona patali pamene ife tinkaona ndalama yotayika, ndipo anakana bodza laling'ono limene aliyense, ngakhale mkulu wa mpingo, analiona ngati chifundo. Koma ulemu wanga waukulu uli pa alamu. Ine ndinaima pakhomo tsiku limodzi la maliro ndipo ndinadya matamando ake zaka zambiri. Iwo anapita kukapempha kuti aimbidwe mlandu, m'tauni imene aliyense amadziwa agogo a mnzake.

Tsiku limene ndinatsegulanso shopu, anatsika ndi mapepala a mwana wawo wamkulu oti ndiwachite fotokope. Anaumirira kulipira. Makina akulira, ndinawauza zimene zinkandilemera mumtima, kuti ndikupepesa polemba kalata ija, ndipo achimwene akanakhala moyo sindikudziwa ndikanawayang'ana bwanji.

Alamu anatenga mapepala awo, n'kuwalinganiza bwinobwino patebulo.

"Musapepese. Mukanandikhululukira muja munkafuniramo, ine ndikanasamuka. Sindikanatha kumatsegula saluni m'mawa uliwonse pamwamba pa chitseko chanu chotseka, ndikudziwa kuti ndinatseka ndine. Ndipo ana anga akanakula akuwerama pamaso pa ana anu. Achimwene anu anandisiyira abale, sanandisiyire anthu oti ndiziwathawa."

Ndinawapatsa chenji chawo, ndipo anachiwerenga n'kundibwezera ndalama imene ndinawonjezera dala.